Mabala a pa Mitengo ya ku Kavitowe

Kum'mwera kwa Mzimba, kumene dziko limayamba kukwera kulowera m'mapiri a kum'mawa, kuli chigwa chotchedwa Kavitowe. Mukafunsa za kumeneko anthu amakulozerani ndi mlomo, chifukwa njira yoti n'kuloza ndi chala kulibe. M'chigwa chimenecho munakhala munthu wina, Fanuel Mtonga, amene anthu anamumata dzina loti wabodza. N'zopsetsa mtima, pakuti pa zonse zimene munthu angachite pansi pano, bodza ndi limene linamukanika Fanuel, ngakhale pa tsiku limene likanamuthandiza.

Anabadwira kufupi ndi Embangweni, mishoni ya Loudon isanamangidwe, ndipo anabadwa wamanzere. Sukulu ya m'mudzi anailowa ndevu zitamera kale, koma mphunzitsi anamumangabe dzanja lamanzerelo kumbuyo ndi luzi kuti aphunzire kulemba ngati anzake. Anaphunziradi. Zilembo zake zinkayenda motsimphina, koma zinkawerengeka. Nkhwangwa yokha ndi imene inakana kusamuka dzanja. Fanuel akatema mtengo, bala lake linkapendekera kwina, mosiyana ndi la mwamuna wina aliyense, moti wodutsa m'thengo ankadziwa kuti apa padutsa mwana wa Mtonga.

Nthaka ya kwawo inali itatopa. Kuyambira masiku a nkhondo za Angoni anthu ankakhala mothithikana, kulima pamodzimodzi chaka ndi chaka, ng'ombe zikupondaponda potsala. Chimanga chinkachita ngayaye chili m'chiuno, kaufiti ali psuu munda wonse. Amuna anayamba kutuluka mmodzimmodzi kupita ku Halale kukafuna ntchito. Abale ake awiri a bere limodzi anapita, osabwerako, ngakhale kalata yokha, ndipo mayi awo anamwalira maso ali kum'mwera. Tsono mkazi wake, Selina NyaZgambo, atamubalira mwana wamwamuna, Bennet, amene anatsala yekha wamoyo pa ana anayi, Fanuel analumbira kuti uyu yekha Halale sadzamuona. Zonse zimene anachita pambuyo pake, zanzeru ndi zopusa zomwe, zinachokera pa lumbiro limenelo.

M'chaka cha 1911 kunabwera mzungu woyeza misewu. Anthu anamutcha Katsinzina, chifukwa ankaswera kutsinzina diso limodzi pa galasi lake la miyendo itatu. Ankafuna mzere wa msewu wa ngolo wochoka ku Boma la Mzimba kulowera ku Kasungu, wodzera m'mapiri, ndipo analemba amuna okoka unyolo woyezera ndi mmodzi wodziwa nkhwangwa. Wa nkhwangwayo anali Fanuel. Ntchito yake inali yosavuta kumva: mzungu akakweza dzanja, iye ankatema mtengo umene waima pamzere, mabala awiri, lina pamwamba pa linzake, mpaka kuyera kwa m'kati kuoneke patali. Anatema mombo, anatema misuku, anatema mitondo, milungu isanu ndi umodzi.

Ku Kavitowe anafikako mu Okutobala, dziko lonse litauma gwa. Koma m'chigwamo mtsinje unkayenda, wozizira mpaka m'mano. Fanuel atagwada kuti amwe, dzanja lake linamira m'dothi. Linali dothi lakuda bii, lofewa, lonunkhira masamba owola, losalawapo khasu chilengedwere. Anatapa lodzaza manja, nalimanga pansonga ya nsalu yake, kenako anapita kwa womasulira wa mzunguyo.

"Mundifunsireko bwana. Msewu udzadutsa pano penipeni?"

Mzungu anaseka, nagunda ndi ndodo muwanga waukulu umene Fanuel anali atangoutema kumene.

"Akuti pano penipeni," anatero womasulira. "Akuti zaka ziwiri zisanathe, mawilo a ngolo adzakhula mtengo uwu."

Atafika kunyumba anamasula mfundo ya nsalu ija pamaso pa mkazi wake.

"Nunkhizani, NyaZgambo."

"Ndi dothi, awiske Bennet. Milungu isanu ndi umodzi mwapita kukanditengera dothi?"

"Dothi ili lili pamsewu. Chimanga, nyemba, tirigu, fodya, mbatatesi za azungu zomwe, tidzangokweza pa ngolo, mbwenu ku Boma. Mwana amene akugulitsa zolima zake akafunenji ku Halale?"

"Msewuwo mwauona?"

"Ndautema ndekha."

"Ine ndafunsa ngati mwauona."

Selina anali mkazi wa mawu ochepa, ndipo ochepawo ankaluma. Koma mwana anali atatchulidwa, ndiye anayamba kumanga miphika m'dengu.

Masiku amenewo anthu anali atayamba kumasuka kukakhala kutali ndi midzi ya mafumu. Nkhalango imene kale inali ya mikango ndi anthu othawa nkhondo inatseguka kwa aliyense wokhala ndi khasu, ndipo akuluakulu a dziko analola. Mabanja asanu ndi anayi anamutsatira Fanuel. Pakati pawo panali Enos Mtonga, mkulu wake wa bambo mmodzi koma mayi wina, munthu amene kuyenda kumbuyo kwa mng'ono wake kunkamuwawa ngati minga kuphazi. Njala ndi imene inamuyendetsa. Fanuel anamanga nyumba yake khomo litapenyana ndi muwanga uja, mapazi khumi basi.

Tsono pali mwambo. Munthu amene watsogolera anzake ku nkhalango yatsopano ndiye amagawa minda. Amayenda patsogolo ndi nkhwangwa, eni ake akutsatira, n'kumatema mitengo ya m'malire: kuyambira apa kufika apo ndi pa uje, kuyambira apo kufika kumwala ndi pa uje. Nkhwangwa iyenera kukhala imodzi, ya mtsogoleriyo, kuti mawa wina asadzadzitemere malire mwakabisira. Fanuel anachita monga ankachitira makolo ake. Dzanja lake linali litazolowera mabala awiri, lina pamwamba pa linzake, ndipo linatema momwemo. Chaka chotsatira anthu anafuna malo otentha nthambi kuti afese mawere paphulusa, ndiye anatemanso. Pofika chaka chachitatu panalibe mbali ya chigwa yopanda mabala ake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo cholakwika. Akanachiona bwanji? Msewu aliyense ankaudziwa, ngakhale mbuzi: unkadutsa pakhomo pa Fanuel.

Mitengo ya pamzere ankaisamala kuposa ng'ombe zake. Panalibe wololedwa kusendapo luzi kapena kupachikapo mng'oma wa njuchi, ndipo chilimwe chikafika ankalambula udzu mozungulira uliwonse moto usanabwere. Enos munda wake unagwera kutsidya kwa mtsinje. Linali dothi lonona kuposa la wina aliyense, Fanuel anachita kumusankhira mwaulemu, koma linali kutali ndi mzere. Akalawa mowa wa mawere ankang'ung'udza kuti dziko latembenuka, mkulu kuseri, mng'ono pamsewu.

Dothi lokha silinaname. Chimanga chinkapitirira denga, nyemba zinkathyola mapesi, mbatatesi imodzi inkadzaza dzanja la mwamuna. Ndipo apa ndi pamene chigwa chinaonetsa mano. Chakudya chinali mbwee, koma chotuluka m'chigwamo chinali chokhacho chimene mutu wa munthu unganyamule, ndipo ku Boma kunali masiku awiri a kukwera ndi kutsika. Mbatatesi zinkaphukira m'nyumba, tirigu ankathera anankafumbwe. Amene ananenepa ndi anyani ndi nguluwe. Fanuel sanagwe mphwayi. Anagwetsa mtondo, nasema mawilo awiri, napanga ngolo ndi manja ake, naphunzitsa ng'ombe ziwiri goli pozizungulitsa pabwalo. Ngoloyo anaiimika pansi pa muwanga, itayang'ana kumpoto kumene msewu udzachokere. Nkhuku zinaikiramo mazira zaka zisanu ndi zitatu.

M'malo mwa msewu kunabwera nkhondo ya azungu. Amuna anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, Fanuel nayenso anapita, nabwerako patapita zaka ziwiri nthiti zili pamtunda, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Asanalowe m'nyumba anayamba wakagwira muwanga. Unalipo. Koma kum'mwera kwa chigwa, pachitunda pamene mzere unkatulukira, moto unali utadutsa kawiri amuna kulibe, ndipo mitengo ya mabala inali makala. Fanuel ankaukumbukira mzerewo ngati njira ya kudambo. Anatenga nkhwangwa n'kukatema mitengo ina yoimirira pafupi ndi zitsa, kuti boma likadzabwera lisadzasochere. Ankaganiza kuti akulithandiza. Za Katsinzina ena ankati anafera kunkhondo, ena ankati anakwera sitima kubwerera kwawo. Kulikonse kumene anapita, pepala la mzere linapita naye.

Uku Bennet anali kukula. Anasanduka mnyamata wamtali, wa manja aluso, ndipo maso ake ankakakamira pa nsapato ndi zipewa za obwera ku Halale.

"Adada, anzanga onse apita."

"Dikira chaka chino chokha. Msewu uli m'njira."

Chaka chino chokha chimenecho chinanenedwa katatu.

Mu Juni 1921, m'mawa wina wa chisanu, m'chigwa munalowa kapitawo wa misewu dzina lake Cosmas, munthu wa ku Dedza, atavala jekete la nkhondo, amuna ake a makasu ndi mapiki akumutsatira. Lamulo limene anapatsidwa linali lalifupi: tsatira mabala a mzungu uja, uone ngati mzere ulipobe, tikumbe. Anawatsatira masiku anayi kuchokera kumpoto popanda kutaya ndi limodzi lomwe, mpaka anafika pa minda ya Kavitowe, pamene mabala anamwazikira mbali zonse.

Akazi analulutira. Fanuel analamula kuti aphe mbuzi, nathamanga kukamulandira khasu likadali m'manja.

"Ndinu munatema mzere wa bwana uja?" anafunsa Cosmas.

"Yewo, a kapitawo, ndine. Mwafika, mwachita bwino chomene. Tiyeni ndikuonetseni."

Anamutsogolera mtengo ndi mtengo mpaka anafika pa muwanga. Cosmas anayang'ana mtengo, anayang'ana khomo, anayang'ana ngolo, nkhuku ili khale m'katimo.

"Nyumba iyi njayani?"

"Njanga."

"Ngolo iyi?"

"Njanga."

"Ndiye msewu wa boma wayenda mtunda wonsewu kudzagogoda pakhomo panu?"

"Iyayi, a kapitawo. Khomo ndi limene linabwera kumsewu."

Amuna a makasu anaseka, koma Cosmas sanaseke. Sanali munthu woipa, tisamunamizire. Anali atakumba misewu itatu, ndipo paliponse ankapeza wina wofuna kuukokera msewu kwa iye kapena kuukankhira m'munda wa mnzake. Akanakumba polakwika, msana wolandira zotsatira zake ukanakhala wake. Anapatuka pamzere, nayenda pang'ono chakum'mawa, naima pa msuku wa mabala awiri.

"Awa anatema ndani?"

"Ndine. Koma awo ndi malire a munda."

"Nanga awo?"

"Ndine. Malirenso."

"Chabwino, bambo. Ndionetseni kusiyana kwake."

Fanuel anagwira bala la pa msuku, nabwerera kukagwira la pamzere. Onse anali atapola chimodzimodzi, khungwa litatupa m'mbali, onse opendekera kumanzere, msinkhu umodzi, dzanja limodzi. Chaka chimodzi kapena ziwiri zimene zinawalekanitsa zinali zitamezedwa ndi zaka khumi. Kwa nthawi yoyamba anaona chimene anachita.

"Alipo wamkulu pano woti achitire umboni?" anafunsa Cosmas.

Onse anatembenukira kwa Enos. Enos ankaudziwa mzere. Anali atadutsapo zaka zisanu ndi zinayi akutukwana chamumtima. Anatsokomola, nakonza nsalu paphewa.

"A kapitawo, ine pamene mzungu ankayeza kunalibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti mabala onse m'chigwa chino nga nkhwangwa imodzi. Ngakhale kwanga kutsidya aliko, mzere wowongoka chomene, ndipo kulibe miyala. Kapena mukaoneko."

"Akulu!" anafuula Fanuel.

"Ndanama pati, mng'ono wanga?"

Sananame paliponse, ndipo nkhanza yake inali yomweyo. Enos atangotsegula chitseko, ena onse anathamangira momwemo. Uyu akukoka kapitawo mkono kuti akaone mabala a kumunda kwake, uyo akuti ayi, akwanga ndiwo akale. Anthu amene anadikira msewu umodzi zaka zonsezo anamuonetsa misewu isanu ndi inayi dzuwa lisanafike pamutu. Manyazi ake! Aliyense ankaganiza kuti akungousendeza pang'ono.

Fanuel anatsala ndi chimodzi. "Tiyeni kum'mwera, kupitirira minda yonse. Kumeneko kulibe malire, kuli mzere wokha."

Anakwera chitunda chija. Cosmas anafika pa mtengo woyamba, nalowetsa chala m'bala, naona kuti khungwa silinatseke ngati la mabala akale aja.

"Mzungu wa zaka khumi zapitazo anatema dzana?"

"Moto unatentha yakale, ndiye ndinabwezeretsa momwe inaliri."

"Momwe inaliri, kapena momwe mumafunira?"

Atatsikira kumudzi, Cosmas mbuzi ija anaikana. "Idyani nokha, ndingadzamveke kuti ndinagulitsa msewu wa boma ndi chiwindi." Anabwerera ku Boma kukanena kuti mzere wa m'mapiri anthu ausokoneza. Oyang'anira sanataye nthawi n'kuyezanso. Msewu anaudutsitsa kumadzulo, kuchidikha, motsatira njira yakale ya miyendo, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera ku Kavitowe, kuseri kwa mapiri awiri.

Mbiri inayenda msanga kuposa makasu. Kuyambira ku Embangweni mpaka kumalire a Kasungu anthu ankasimba za wamanzere amene anafuna kuba msewu wa boma n'kuumangirira pakhomo pake ngati mbuzi. Amene ankaikometsera kwambiri nkhaniyi anali omwe aja anakoka kapitawo mkono. Woyamba kusamuka anali Enos. Anakamanga m'mbali mwenimweni mwa msewu watsopano, pamchenga, ndipo sanabwere ngakhale kudzatsazika.

Chilimwe chotsatira Bennet anamanga mtolo wake.

"Adada, ndinadikira."

"Unadikira, mwana wanga."

"Ine ndikudziwa kuti simunaname. Ndinkakuonani mukulambula mitengo ija. Koma choona sichikoka ngolo."

Fanuel anamuperekeza tsiku lonse m'nkhalango, atamunyamulira mtolo. Aka kanali koyamba kuti Fanuel auone msewuwo. Unali wotakasuka, wofiira, mikwasa ya mawilo ili m'mbali zonse ziwiri, wokongola ndithu, ndipo kukongola kwakeko kunamulasa. Bennet anagwada, nawomba m'manja, nalandira mtolo. Anayenda osapunthwa, osapatuka, pakuti njira inali yosalala. Msewu umene Fanuel anaudikira kuti umusungire mwana unangofupikitsa ulendo wa ku Halale.

Mabanja anachoka limodzilimodzi, minda inabwerera kutchire. Selina anayesa kamodzi kunena kuti nawonso asamukire kumsewu. Fanuel anayankha kuti tsiku limene adzachoke pa muwanga ndi tsiku limene adzavomere kuti mzere sunali pamenepo. Ankalimabe, nkhokwe zinkadzazabe, anankafumbwe ankadyabe. Chilimwe chilichonse ankalambula mozungulira mitengo ya pamzere, ndipo tsopano malire a minda anali atawafafaniza onse, mtengo ndi mtengo, ntchito imene ikanamutengera masiku atatu akanaiganiza pa nthawi yake. Mawilo a ngolo anadyedwa ndi chiswe, ngolo inakhala pansi.

M'chaka cha 1929 mlaliki wina woyendera midzi anafika masana atatopa, natulutsa kalata imene inali itagona miyezi inayi ku Embangweni posowa wopita ku Kavitowe. Fanuel anaiwerenga mokweza pansi pa muwanga, chala chikutsata zilembo, Selina atakhala pamphasa manja ali pamiyendo.

Bennet anali moyo. Anali atakwatira, anali ndi mwana wamkazi amene anamutcha Selina. Anaphunzira utelala, nagula makina osokera akeake ndi njinga. Ndipo kumapeto analemba kuti: "Adada, kuno ndatopa nako. Ndikufuna kubwera kudzasokera pakhonde panu. Koma makina safuna thengo, amafuna anthu odutsa. Mundiuze zoona, pakuti inu simunandinamizepo. Ngati msewu unafika kwathu, ndinyamuka mvula ikatha. Ngati sunafike, nditenga malo amene akundipatsa kuno, ndimange."

Selina sanalire. Anasendera pafupi, chinthu chimene sankachita pamaso pa alendo.

"Awiske Bennet, lembani kuti wafika."

"NyaZgambo, sunafike."

"Ndili ndi maso, ndikuona kuti sunafike. Lembani kuti wafika. Akadzatsika pamsewu wa kuchidikha ndi mkazi ndi mwana ndi makina ake, sadzabwerera. Makinawo ndidzasenza ine pamutu. Adzakwiya mwezi umodzi, mbwenu kwatha. Kapena lembani kuti bwera, tisamukira kumsewu tonse. Lembani chimodzi mwa ziwirizi."

"Kukakhala kuseri kwa nyumba ya Enos?"

"Ngakhale m'khola la mbuzi la Enos."

Fanuel anapinda kalata, naipindulanso. "Dziko lonse likuti ndine wabodza. Watsala mmodzi yekha amene akudziwa kuti sindine. Mukuti ndimunamize yemweyo?"

"Dziko linakutchani wabodza osalandirapo kanthu. Namani kamodzi, mulandirepo mwana."

Mlaliki anayang'ana kumbali, akudziyesa wotanganidwa ndi zingwe za nsapato. Iyenso, munthu wa Mulungu, sanathe kunena kuti mkaziyo akulakwa.

Masiku atatu Fanuel analimbana ndi pensulo, ndi dzanja lija lamanja limene anachita kulikakamiza. Selina sankadziwa kuwerenga. Ankangomuyang'ana patali akusinja, akuyesa kuwerenga nkhope. Tsiku lachitatu anamata kalata, napita nayo yekha ku Embangweni, osamupatsira munthu. Atabwerako anapeza mkazi wake ataima pakhomo.

"Mwalemba chiyani?"

Apa ndiye akanatha kunama, bodza laling'ono, lachifundo, loti mayi agone ndi chiyembekezo chaka chimodzi. Ngakhale limenelo linamukanika.

"Ndalemba kuti: Mwana wanga, msewu sunafike. Mzere ulipo, mitengo ndikuisamala. Tsiku lina adzabwera kudzayezanso, adzaona."

Selina anatembenuka. Kenako analowa m'nyumba.

Mvula inatha, inabweranso, inathanso. Kalata ina siinabwere. Patapita zaka, munthu wina wobwera ku Halale anasimba kuti telala wina wa kwa Mtonga ali ndi nyumba ya malata kumeneko, ndi ana anayi osamva Chitumbuka. Ena amati Fanuel anali munthu wolungama, ena amati anali wouma mutu amene anakonda dzina lake kuposa mwana wake. Onse akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhani yake imawawa. Woyeza wina sanabwere. Fanuel analambula mitengo ija mpaka msana unakana, ndipo muwanga unameza mabala ake, n'kutsala timizere tiwiri topendekera kumanzere.

Selina anakhala naye zaka khumi ndi chimodzi kuchokera tsiku la kalata. Ankamuphikira, ankamutenthetsera madzi, atadwala ankamutembenuza pamphasa. Koma dzina loti awiske Bennet, ndiye kuti bambo a Bennet, limene anamuitana nalo kuyambira pamene mwana anabadwa sanalitchulenso. Ngakhale m'mawa umene anamupeza mpweya ukutha, atamugwira dzanja lamanzere lija, Fanuel akumuyang'ana ngati wopempha, Selina anawerama n'kunena motsitsa:

"Pitani bwino, a Mtonga."